Bwalo Limene Amayi Anazira

Ntchito ya zomangamanga ndinaipeza ndi pakamwa. Nditamaliza Giredi 12 ndinangokhala pakhomo ku Kapata, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasenza ndowa ya vitumbuwa kulondola kumene anthu akumanga, poti amisiri amadya osafunsa kuti mafuta ndi a liti. Tsiku lina ndinafika pa puloti ina kumapeto kwa tauni, m'tsinde mwa phiri, n'kupeza anyamata awiri akusefa dothi ngati odwala malungo. Ndinawaseka. Ndinati amayi anga amasefa ufa mwachangu kuposa pamenepo, chonsecho ali ndi nyamakazi.

Sindinadziwe kuti kumbuyo kwanga kwaima bambo wamfupi wa chipewa chofwifwa.

"Dzina?"

"Esinati."

"Esinati, tula ndowayo utionetse."

Ndinatula. Ndinagwira fosholo mpaka dzuwa kupendeka, manja atatuluka matuza, anyamata aja akudya vitumbuwa vyanga mondiyang'ana. Bambo uja anali a Zulu, mwini kontilakiti. Poweruka sanandiyamikire. Anangoti, "Mawa ubwere ndi nsapato zotseka. Patapata pano ayi."

A Zulu sankawotcha njerwa. Ankati uvuni umodzi umameza mitengo imene inakula munthu asanabadwe, ndipo akatero ankaloza phiri lija, limene mbali ina linali litayamba dazi. Njerwa zathu zinali zopanikiza pa makina a manja. Tinkayamba tachotsa dothi lakuda la pamwamba n'kuliunjika pambali, chifukwa limenelo ndi la mbewu. Katondo wa pansi ndiye tinkakumba ndi piki, kumuphwanya, kumusefa pa waya. Pofuna kudziwa ngati dothi lili bwino, a Zulu ankathira pang'ono m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kulisiya likhazikike. Mchenga umatsika msanga, dongo limatsalira pamwamba, ndipo dongo likachuluka njerwa imang'aluka pouma. Tikasakaniza ndi simenti pang'ono, madzi tinkawaza ndi keni, osati kukhuthula. Kenako umafumbata dothilo n'kuponya pansi chibulumacho uli chiimire. Chikamwazika ngati ufa, madzi achepa. Chikangoti phwatha osasweka, achuluka. Chikasweka zidutswa zingapo, thira m'makina, tsitsa mkono wachitsulo ndi thupi lako lonse. Njerwa yongotuluka kumene umainyamula ndi zikhatho, chifukwa zala zimaiboola m'mbali. Tinkaziyala pamthunzi, kuzifunditsa pulasitiki, n'kumazithirira m'mawa ndi madzulo mpaka zitakhwima.

Pambuyo pake anandikweza pa khoma. Ndinaphunzira kukoka chingwe, kuwerenga levulo ndi kugwira mpeni womangira. A Zulu akapeza mzere wapendama sankakalipa, ankangougwetsa ndi phazi n'kupitirira. Ndinalira kangapo kuseri kwa shedi ya zida, koma ntchitoyo ndinaikonda.

Nyumba imene tinkamanga inali ya a Mwale, mphunzitsi wopuma pantchito, mayi wamasiye wamtali amene ankalankhula ngati akadali kutsogolo kwa kalasi. Anakulira pa mishoni ku Tamanda, ndipo moyo wawo wonse anagona m'nyumba za eni: poyamba za sukulu, kenako ya lendi ku Kapata konkuja, kumene malata ankawaphika amoyo ukafika Okutobala. Iyi inali nyumba yawo yoyamba, ndipo pa msinkhu wawo ankadziwa kuti ndi yomalizanso. Abale a malemu amuna awo ankawaseka poyera. Ankati mphunzitsi wathunthu akumanga ndi zidina ngati kumudzi, ndipo mvula yoyamba idzasungunula nyumbayo iwo akuona. A Mwale ankabwera pa puloti ndi ambulera yawo osanena zambiri, koma ndinkawaona akukanda njerwa ndi chikhadabo akaganiza kuti palibe akuwayang'ana.

Mamangidwe ake anali achilendo kwathu kuno. Zipinda zinazungulira mbali zitatu, mbali yachinayi kuli khoma ndi geti, ndipo pakati panatsala bwalo lopanda denga. Mawindo aakulu onse ankayang'ana m'bwalomo, pamwamba pa makoma tinasiya timabowo totulutsa mpweya wotentha. Denga linapendekera m'kati, madzi ake n'kumagwera m'ngalande za malata zopita ku thanki. Bwalolo tinalikumba kuti litsike kuposa khonde ndi chikhatho chimodzi ndi theka, ndipo pa geti tinamanga sitepe yofanana ndi khonde kuti madzi a mumsewu asalowe. Tinabwezeramo dothi lakuda lija, tinadzala mandimu, mapapaya, tsabola ndi maungu a ndiwo amene kwathu timati chibwabwa, n'kuphimba nthaka yonse ndi makoko a nsawa ndi masangwe kuti chinyezi chisathawe. Pakona yotsika kwambiri tinakumba dzenje n'kulidzaza miyala yoswa. M'dzenjemo munkayambira paipi yodutsa pansi pa khoma kukatulukira kunja, kumene tinadzala nthochi. Madzi a mvula ankayenera kumwedwa ndi dimbalo, ndipo otsala ankatsata paipi.

"Madzi saiwala khwawa," anatero a Zulu tsiku loika paipiyo. "Ukawatsekera apa, akwera pakhonde, alowa m'marumu."

Ndinadziwa chimene ankaopa. Makoma a kunja anali ndi simenti, koma a m'kati, ogawa zipinda, tinamanga ndi njerwa za dothi lokhalokha, poti mvula siwafika. Madzi ataima m'zipinda, makoma amenewo akanafewa kumapazi n'kukhala pansi pamodzi ndi mitanda ya denga imene anasenza.

Pofika mu Novembala nyumba inali itatha, kutangotsala kupaka laimu. Mvula inali isanagwe, kunja kukutentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. A Mwale anakonza zoti Lamulungu, anthu akatuluka m'tchalitchi, mpingo udzapempherere nyumbayo. Pakati pa sabata imeneyo a Zulu anaitanidwa ku maliro ku Katete. Anyamata anawapatsa tchuthi, makiyi a shedi anapatsa ine, n'kundiuza kuti ndizithirira mbewu.

Lachisanu ndinathirira m'mamawa n'kubwerera kwathu. Loweruka ndinapita masana. Ndili patali ndinaona utsi, ndipo nditayandikira ndinamva nyimbo. Amayi a kutchalitchi kwa a Mwale anali atabwera kudzakonza pakhomo alendo asanafike, ndipo ntchitoyo anaiyamba dzulo lake nditangochoka. Aliyense wokulira kuno akudziwa kuti pakhomo pa munthu waulemu pamadziwika ndi tsache. Bwalo limasesedwa mpaka kuyera, ndipo kachinyalala kakatsala anthu amanena za mwini nyumba. Choncho amayiwo anasesa makoko onse ndi masangwe n'kukawatentha kunja. Miyala ya m'dzenje anaitola, dzenjelo analifotsera ndi dothi la pachulu n'kutsindira. Kenako bwalo lonse analizira ndi mtsiro, kungosiya timalo tozungulira mbewu iliyonse. Dzuwa linali litaumitsa zonse kuti gwa.

Kunena zoona, linakongola. Linali see, losalala ngati mbale yotsuka. Koma pozira sipamwa madzi, ndipo pamene panali paipi panalibe ngakhale chizindikiro.

Amayiwo anali atakhala pakhonde akumwa thobwa, otopa koma osangalala, mapoto ndi mabafa ophikira Lamulungu ali mbwee. Wotsogolera anali a Sakala, akazi a mkulu wa mpingo, amene anandiphunzitsa Sande sukulu ndili mwana, ndipo khutu langa lamanzere linkawakumbukira bwino. A Mwale anakhala pakati pawo, kapu ili m'manja koma osamwa. Anandiyang'ana kamodzi n'kuwerama. Ndinamvetsa kuti anapeza ntchito itapita kale patali, ndipo anasowa mawu okanira anzawo amene analawirira chifukwa chowakonda.

Kum'mawa, cha kumalire ndi Malawi, mitambo inali itada bii, ndipo kamphepo kozizira kanali katayamba kuvundula phulusa la makoko aja. Ndinatuluka panja n'kuimbira a Zulu. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo ya maliro. Ndinafotokoza mofulumira, mawu akugundana.

"Ine nili kumanda," anatero. "Nyumba uidziwa. Manje ufuna nichite chani?" Anadula.

Ndinabwerera m'kati, ndinagwada pamaso pa a Sakala ndi ovololo yanga yomwe.

"Amayi, zikomo kwambiri, ntchito mwagwira. Koma ndapota nanu, pakona apo pali paipi ya madzi. Ndiyenera kufukula mvula isanafike."

"Kabowo kaja? Ndatseka ndine," anatero a Sakala. "Mwana iwe, mayi wamasiye azigona yekha muno, njoka za kuphiri zikulowa ngati pamsewu? Ndiye dzenje la miyala pakati pa nyumba! Anthu mawa adzati muli manda."

Amayi ena anavomereza. Wina anati atsikana a masiku ano akangovala thalauza amayesa atha nzeru zonse. Ndinayang'ana a Mwale, iwo ankayang'ana kapu. Ndinachita mantha, osabisa. A Sakala ndinkawaopa kuposa a Zulu, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kwa amayi anga dzuwa lisanalowe. Koma manyazi adapha lambe. Madontho oyamba atalira pamalata ndinadzuka, ndinakatenga piki mu shedi, ndipo amayi onsewo akuona ndinakhapa pakona paja, pa ntchito yawo yosalala ija.

Kunamveka "Hii!" khonde lonse. Wina anaomba m'manja mwa mkwiyo. Sindinacheuke.

Mvulayo sinabwere ndi odi. Inangokhuthuka, ndi mphepo ndi mabingu omwe. Ngalande za malata zinalephera kumeza, madzi n'kuyamba kusefukira m'bwalo kuchokera mbali zitatu za denga. Mtsiro uja unasanduka phala loterera pamwamba, koma pansi pake panali potsindira, madzi osalowa. Kadzenje kamene ndinakumba kanadzaza nthawi yomweyo. Ndinayamba kukhapa mwakhungu m'madzi akuda, dothi la pachulu likumatirira ku piki, ine ndikuterereka. Madzi anaphimba zala za kumapazi, kenako akakolo. Nditakweza maso ndinaona akukwera m'mphepete mwa khonde, ndipo chibwabwa chinali chitamira.

Pamenepo a Mwale anaimirira. Anavula nsapato zawo n'kuziika moyandikana pakhonde, anamangitsa chitenje, anatola khasu limene amayi anafotserera dzenje.

"A Sakala," anatero, "ndagona m'nyumba za eni mpaka imvi. Iyi ikagwa, ina sindidzamanganso."

Anatsikira m'madzi n'kudzaima pambali panga.

A Sakala anayang'ana a Mwale, anayang'ana madzi, anayang'ana khomo la chipinda chogona limene linali pafupi ndi kona ija. Kenako anadzambatuka. "Mwakhaliranji inu? Mabafa!"

Mawu amenewo anawadzutsa onse. Thobwa linatayidwa, mapoto anakhuthulidwa. Anandanda mzere kuchokera pakati pa bwalo mpaka pa geti, n'kumapatsirana mabafa ndi ndowa, womaliza akutaya mumsewu. Ine ndinakuwa kuti awiri athamangire ku shedi, atenge matumba a simenti opanda kanthu, adzaze mchenga, ayale m'makomo a zipinda. Anathamanga. Ndinkalamula amayi amene ena mwa iwo anandiberekapo kumsana, ndipo palibe anafunsa kuti ndine mwana wa yani.

Koma bafa silingapikisane ndi denga lonse. Madzi ankakwerabe. A Sakala analowa m'madzimo, diresi atalikwinyira m'maondo, n'kumapapasa pansi ndi phazi.

"Si apo, mwana iwe, ukukumba pambali. Ndi apa."

Tinakumba pamene analoza, ine ndi piki, a Mwale ndi khasu, mpaka dzanja langa linakhudza mlomo wa paipi. M'kati munali gwa ngati mwala. Ndinatembenukira kwa a Sakala.

"Amayi, mwaikamo chiyani?"

"Theka la njerwa. Ndi chisanza. Ndiye dothi la pachulu, ndatsindira ndi munsi."

"Ndi munsi, Amayi?"

"Ine ndikatseka ndimatseka."

Ndikanakhala ndi mpweya ndikanaseka. Ndinayesa kukolowola ndi zala, zikhadabo n'kuthyoka, njerwa osasuntha. Ndinawauza kuti asachoke pamenepo, dzanja likhale pamlomo wa paipi. Ndinatenga chitsulo chachitali chotsala pomanga lintala ya pamwamba pa zitseko, ndi hamala yaikulu, ndinatuluka pa geti, ndinazungulira khoma kutsikira ku nthochi. Kumeneko paipi inali youma ngati kunja kulibe mvula. Ndinagona chamimba m'matope, ndinalowetsa chitsulo mpaka chinagunda, ndinayamba kumenya.

Palibe chinachitika. Ndinamenyanso, chitsulo chikunjenjemera mpaka m'mano. Kuseri kwa khoma amayi anali atayambitsa nyimbo kuti mabafa aziyenda pamodzi, ndipo pamwamba pa nyimboyo panamveka a Mwale ndi mawu awo a m'kalasi aja.

"Esinati! Atsala chala chimodzi kuti akwere pakhonde!"

Ndinaganiza za makoma aja, mzere uliwonse umene a Zulu anandigwetsera ndi phazi ine n'kuumanganso, ndipo mantha anasanduka mkwiyo. Ndinagwada, ndinapotoza chitsulo kuti nsonga ipeze m'mbali mwa njerwa, ndinakweza hamala ndi manja awiri n'kumenya ndi thupi lonse monga ndinkatsitsira mkono wa makina. Chitsulo chinalowa pang'ono. Ndinamenya kachiwiri, chinalowanso.

"Ikubwera! Ndaigwira!" Anali a Sakala. "Ndaizula!"

Ndinasolola chitsulo. M'paipi munamveka kubwibwita, kenako chisanza chija chinandimenya kumaso, ndipo madzi a bwalo lonse anandigunda pachifuwa n'kundiponyera chagada pa nthochi. Ndinagona pamenepo madzi akundidutsa pamwamba, ndikuseka ngati wamisala. Kuseri kwa khoma nthungululu zinaposa mabingu.

Nditalowa m'kati ndinapeza madzi akuzungulira pakona paja n'kumamira. Mzere wonyowa m'mphepete mwa khonde unaonetsa pamene anafika, ndipo pamwamba pake panatsala malo osakwana chala. Sitinapume. Ndinawapempha kuti tiswe mtsiro wonse kuti nthaka iyambenso kumwa, ndipo amayi omwe anazira anagwira makasu n'kugawula ntchito yawo, akunyogodolana za amene anayamba nzeru yozira. Miyala ija tinaitola kunja n'kuibwezera m'dzenje. Pamene mvula inkakata chakumadzulo, mabulauzi onse anali a mtundu umodzi wa matope, ndipo madzi m'bwalo anali atatsika mpaka masamba a chibwabwa kuonekanso.

A Sakala anadzandipeza ndikutsuka piki. Duku linali litapendama, matope mpaka m'makutu.

"Za madzi wapambana ndiwe," anatero. "Koma za njoka sindinaname."

Sananamedi. Ife omanga tinaganiza za madzi otuluka, za zolowa sitinaganize. Ndinadula kachidutswa ka waya wosefera dothi n'kukamanga kukamwa kwa paipi, kunja ku nthochi. A Sakala anatsika nane, anayesa ndi chala ngati kamutu ka njoka kangadutse, n'kuvomera. Za manda tinagwirizana kuti kuzungulira miyalayo tidzale udzu wa tiyi kuti isaonekere. Iwo anawonjeza kuti pakhale kanjira kolimba kochoka pa geti kufika pakhonde, poti mayi sangadzuke m'mawa n'kusowa posesa. Ndinavomera, ndipo kanjirako kalipo mpaka lero.

A Zulu atabwera Lolemba anazungulira nyumba yonse. Anaima pa waya uja nthawi yaitali, kenako anati tiziika pa nyumba iliyonse. Sabata yotsatira anandipatsa puloti ina kuti ndikokere ndekha chingwe cha maziko. Ntchitoyi ndikuigwirabe, tsopano ndi anthu anga, ndipo chimene ndinatenga pa tsiku lija n'chakuti nyumba siithera pa mmisiri. Ife timachoka, amatsala ndi wogwira tsache. Choncho ndisanapereke makiyi ndimafunsa kuti pakhomo pano amasesa ndani, ndani amabwera kudzathandiza kukakhala alendo. Ameneyo ndimayenda naye bwalo lonse, ndimamugwiritsa mlomo wa paipi ndi dzanja lake, ndimamuuza chifukwa chake makoko sitisesa. Kenako ndimamufunsa chimene iye akuopa, chifukwa nthawi zambiri amakhala ataona chimene ine sindinaone.

Koma nzeru zimenezo zinabwera pambuyo. Loweruka lija, amayi atabalalika kukasintha zovala, ndinatsala ndi a Mwale. Anachotsa matumba a mchenga m'makomo, anapukuta manja pa thaulo, n'kuyamba kulowa chipinda ndi chipinda. M'chipinda chilichonse ankagwada, ndi maondo awo ovutawo, n'kuyendetsa chikhatho m'munsi mwa khoma kuchokera kukona mpaka kukona. Ine ndinkangowatsata. M'chipinda chogona, chimene chinali pafupi ndi paipi, anachedwa. Atadzuka anatambasula dzanja kundionetsa. Linali ndi fumbi lofiira, louma. Misozi inali ikutsika, ndipo sanaipukute.

"Esinati, popita kwanu udutse kunyumba ya lendi ija. Uwauze a pakhomopo anditumizire mphasa ndi bulangete."

"Amayi, bedi sinabwere. Ndiponso mapemphero ndi mawa."

"Mulungu waiona kale nyumbayi, mawa akudzaona ndi anthu," anatero. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo ina inali ikusonkhananso. "Ndigona muno lero. Ndikufuna ndimve mvula ikugwa padenga langa."